Dzanja Laling'ono ndi Mpira Wonyowa

Moss Point, Mississippi
28 Epulo

Wokondedwa mlongo wanga Lucius,

Landira moni wochokera kunyumba kuno. Uli bwanji kuchisanu kwanuko? Bondo lija unkadandaula nalo nthawi ya Khirisimasi linapola, kapena ukungolikoka mwakachetechete pa sitima monga umachitira ndi zowawa zako zonse? Ine ndili bwino, kungoti adokotala andiletsa tiyi wa shuga wambiri, ndiye moyo wachepako kukoma. Alamu ako a Clement ali bwino nawonso, akungonenepa. Mwana wako Wendell ali ndi thanzi, akudya ngati anthu atatu.

Ndalemba kalata chifukwa foni sukuyankha. Poyamba ndinkati muli pakati pa nyanja ndipo kulibe netiweki. Koma msuweni wathu Earline wa ku Anchorage wandiuza kuti sitima yanu ya nsomba inakocheza kale ku Dutch Harbor, ndiye chonamizira chimenecho chatha.

Ndikudziwa chimene chakutseka pakamwa. Tsiku lomaliza kulankhula nawe, kumapeto kwa Febuluwale, unanena mawu amene sanandichokebe m'khutu. Unati mwana unamusiya m'manja mwanga ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mayi ake atangomwalira, iwe n'kupita kukasaka ntchito kumapeto kwa dziko. Unati palibe chimene unamupatsa kupatula manja ang'onoang'ono a kwathuwa, ndipo tsopano manja omwewo amutsekera chitseko cha ligi yaikulu. Unadula foni ndisanakuyankhe.

Lero ndikuyankha. Mtima ukhale m'malo, nkhani yake ndi yabwino. Koma ndifotokoza mwadongosolo, ndipo usathamangire tsamba lomaliza monga unkachitira ndi mabuku a kusukulu. Ngati ukufuna kunena kuti Odessa waimanso pa bolodi, nena, ndinazolowera. Munthu amene waphunzitsa masamu moyo wake wonse sasintha chifukwa chopuma ntchito.

Mpira wathu wa ku America uno, woponya ndi manja, umaudziwa kundiposa. Ndiwe unamuphunzitsa Wendell kuti kotabeki, uja amalandira mpira n'kusankha womuponyera, ndiye maso ndi mutu wa timu. Koma msika umene matimu amasankhirapo anyamatawa sunauone pafupi. Ine ndakhala m'kati mwake chiyambire chaka chino, ndipo ndaphunzira zambiri.

Chisankhochi, chimene amati dirafuti, chimatenga masiku atatu ndipo chili ndi ndime zisanu ndi ziwiri. Matimu amasankha mosinthana anyamata amene amaliza kusewera ku koleji, ndipo timu imene inagonja kwambiri chaka chatha ndiyo imayamba. Wosankhidwa tsiku loyamba amavala suti n'kuonekera pa TV akukumbatira amayi ake. Wa tsiku lachitatu amadikira foni kunyumba. Ndipo anyamata ambiri, ngakhale odziwa mpira, foni yawo silira n'komwe.

Chaka chatha chisanathe, olemba za mpira ankati Wendell akhoza kutengedwa m'ndime yachitatu. Kwa mnyamata wochokera ku koleji yaing'ono, umenewo ndi ulemu waukulu. Kenako kunabwera kuyezedwa kuja kwa ku Indianapolis.

Wendell anandifotokozera mmene zimakhalira. Akuti amawaimika pamzere atangovala kabudula, anthu mazana atakhala pansi ndi zolembera, n'kumawayeza msinkhu, kulemera, kutalika kwa mkono. Kenako amati tambasula dzanja, n'kuika tepi kuyambira kunsonga ya chala chachikulu mpaka kunsonga ya kachala kakang'ono, woyezayo n'kufuula nambala kuti chipinda chonse chimve. Akuti, azakhali, atafuula yanga ndinamva zolembera zonse zikukanda mapepala nthawi imodzi, ngati mvula yayamba padenga.

Chikhulupiriro chawo n'chakuti dzanja la kotabeki liyenera kufika mainchesi asanu ndi anayi. Likaperewera, akuti mpira umapulumuka ukanyowa kapena kunja kukazizira. La Wendell linaperewera pang'ono, kukhuthala kwa pensulo basi. Pensulo imodziyo inafufuta zaka zinayi za kusewera bwino. Sabata isanathe, anthu a pa TV amene sanamuonepo akuponya mpira ankati mwina sasankhidwa n'komwe.

Ejenti wake, mnyamata wotchedwa Trevor, si munthu woipa, kungoti amalankhula ngati nyumba ikupsa. Anayamba wamutumiza kwa katswiri wosisita minofu kuti azimutambasula dzanja asanamuyezenso ku koleji. Wendell ankabwera akukupiza zala n'kumati, azakhali, lero andikandanso ngati ufa wa buledi. A Clement anati ngati nkhani ndi kukulitsa dzanja, angoliika pansi iwo alipondetse tayala la pikapu, kwaulere, lifika mainchesi khumi ndi awiri tsiku lomwelo. Dzanja silinakule.

Zitakanika, Trevor anabwera ndi nzeru ina. Anati Wendell amathamanga kwambiri, ndiye auze matimu kuti ali wokonzeka kusiya kuponya, akhale wowakha mpira. Anati, amayi, wowakha wa ndime yachisanu amadya, kotabeki wosasankhidwa amakagulitsa magalimoto akutha.

Nditamva zimenezo ndinakumbukira iwe. Ndinakumbukira tsiku limene unabwera kuchokera kubwalo la sekondale n'kuponya chisoti pakhonde, chifukwa kochi anakugwira dzanja n'kukuuza kuti ndi laling'ono, upite kumbuyo uzikatchinga. Masiku amenewo anyamata a khungu lathu ankauzidwa mawu otere kawirikawiri, dzanja likhale lalikulu kapena laling'ono. Unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo sunaponyenso mpira pamasewero enieni. Ndiye ndikumvetsa chifukwa chake tepi ya ku Indianapolis yakupweteka iwe kuposa mwini dzanja.

Pakati pa Malichi koleji inakonza tsiku loonetsa osewera ake kwa anthu amene amafufuzira matimu. Ndinapita, ndinakhala pamipando ya pamwamba. Ndikuuze, mlongo wanga, zimenezi ndi chionetsero chabe. Amachitira m'holo, mpira wouma, watsopano, palibe womuthamangitsa, ndipo kuponya kulikonse anakuloweza kale. Zili ngati mayeso amene mwana wapatsidwiratu mayankho. Wendell anaponya bwino, koma kumeneko aliyense amaponya bwino. Ofufuza ambiri ankangoyang'ana mafoni awo, ena anachoka asanamalize.

Pafupi nane panakhala bambo wina wachikulire, mzungu woonda, wovala jekete lakutha, akutafuna nthanga za mpendadzuwa n'kumalavulira makoko m'kapu ya pepala. Anandifunsa ngati ndinali mayi a mnyamata woponyayo. Ndinati ndine azakhali ake, ndipo ngati nanunso mwabwera kudzakamba za dzanja, khalani chete ndione mpira. Anaseka. Anati dzina lawo ndi Hollis Brandt, amafufuzira osewera timu ina ya kumpoto, ya m'mphepete mwa nyanja zikuluzikulu, kumene Disembala akafika amasewera chipale chofewa chikugwa. Anati inde, abwerera dzanja lomwelo, chifukwa kwawoko nkhani ya dzanja si nthabwala.

Popeza ndine munthu wa mafunso, ndinawafunsa kuti kotabeki wabwino amamudziwa bwanji. Anati iwo sayang'ana mpira uli m'mwamba, chifukwa umenewo ngakhale wogulitsa chimanga chothetheka pabwalo amauona. Amaonera mavidiyo a masewero atazimitsa mawu, maso ali pa mapazi. Akuti mantha a kotabeki amayambira kumapazi. Chimunthu cholemera ngati firiji chikamamuthamangira, mapazi amayamba kuvina, ndipo mpira umapita kumene mapazi aloza. Amayang'ananso chimene mnyamata amachita akangolakwitsa, ngati amaloza mnzake chala kapena amadziguguda pachifuwa kuti ndine ndalakwa.

Kenako ananditchulira masewero a mu Okutobala, aja anachitika mvula ya mkuntho ikugwa, ine nditafunda pulasitiki mpaka kumutu. Anati vidiyoyo anaionera kangapo. Mpira unkapulumuka kwa aliyense, ngakhale kwa oimbira, koma m'manja mwa mnyamata wa dzanja laling'onoyu sunagwe n'kamodzi komwe. Anati tepi ikunena china, vidiyo ikunena china, ndipo sabwerera kwawo asanadziwe chimene chikunama. Anapempha kuonana ndi Wendell m'mawa mwake, pabwalo lililonse la panja, popanda gulu.

Tinapita pabwalo la sekondale yathu ija, lomwelo limene anakuchotserapo iwe. Makiyi ndinabwereka kwa ahedi. Wendell anabwera ndi anzake awiri owakha. A Brandt atafika sanatulutse tepi kapena wotchi. Anandifunsa ngati ndingawapezere ndowa.

Anadzaza ndowayo pampopi n'kuviikamo mipira mpaka chikopa chinada. Anatola umodzi madzi akuyenderera n'kumupatsa Wendell. Wendell anayang'ana mpira, n'kuyang'ana ndowa, kenako anayamba kuseka. A Brandt anafunsa kuti chakuseketsa n'chiyani. Iye anati, abwana, nanga sopo mwaiwala?

Lucius, ndinakhala pabenchi. Ndinakuona iwe, Loweruka lililonse pabwalo la nyumba ya amayi, utamaliza kutsuka pikapu yako yobiriwira ija, madzi a thovu atatsala m'ndowa. Unkaviika mpira n'kupatsa kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri kuti kakuponyere. Mpira unkaterera n'kugwa, iko n'kulira, iwe n'kuutola n'kuuviikanso. Malemu mkazi wako Renita ankakukalipira kuti ukuzunza mwana, ine ndinkakukalipira kuti ukumaliza sopo wa mbale. Unkangomusunthira zala kumbuyo kwa mpira n'kumati, usaufinye mwanawe, ugwire kumchira kumene kuli kosongoka.

Wendell anawafotokozera a Brandt zonsezi. Iwo anasiya kutafuna nthanga zawo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, amayi, kodi kukhitchini ya sukulu sikungapezeke sopo? Ndinapita ndekha, mothamanga ndithu, ine amene sindinathamangepo chipumireni ntchito.

Sindikunamiza kuti zonse zinayenda ngati m'maloto. Mpira woyamba wa sopo unatuluka mokhota n'kukagwera kutali ndi wowakha. Ndinaona a Brandt akuyang'anitsitsa nkhope yake. Wendell sanapukute dzanja pa kabudula, sanadandaule. Anangoti, papita nthawi, viikaninso. Kuyambira pamenepo mipira inayamba kuuluka mowongoka, ikuzungulira n'kumamwaza thovu m'mwamba, yaifupi ndi yaitali yomwe. Owakha aja ndi amene anavutika. Wina anafika pochonderera kuti, akulu, chepetsani sopo, ife sitinaleredwe ndi bambo wotere.

A Brandt anamuitana n'kumuuza kuti agwire mpira mmene amagwirira. Analiyang'ana dzanjalo uku ndi uku nthawi yaitali, makamaka chala cholozera chimene chimakhala pafupi ndi nsonga. Kenako anati dzanja ndi laling'onodi, tepi sinaname, koma munthu wina analidziwiratu vutoli kalekale n'kulikonzera njira. Anati, ukadzalankhula ndi bambo ako uwauze kuti ntchito yawo ndaiona.

Uthenga umenewo Wendell adakali nawo. Sanapeze pouperekera.

Masana ndinaitanira a Brandt kunyumba. Ndinaphika mpunga ndi nyemba zofiira za soseji, ndi buledi wa chimanga. Tisanayambe kudya, anatenga mabotolo a mchere ndi tsabola, makapu ndi masupuni, n'kuyala patebulo ngati osewera. Anamuonetsa Wendell kaseweredwe kena kovuta, kamodzi kokha, n'kusokoneza zonse. Ndiye tinadya, tikukamba za nsomba ndi za mphepo ya mkuntho. Titamaliza anamukankhira mabotolo aja n'kumuuza kuti ayalenso ndipo afotokoze ntchito ya aliyense. Anayala. Anangolakwitsa supuni imodzi n'kuibweza yekha asanauzidwe. Ine mphunzitsi ndinachita nsanje, chifukwa mayeso abwino ngati amenewo sindinawaganizepo.

Komabe sanatinyengerere. Anamuuza Wendell pamaso kuti amachedwa kutaya mpira zinthu zikavuta, ndiponso kuti otchinga a m'makoleji aang'ono ndi ana poyerekeza ndi amene akakumane nawo. Anati adzafunika zaka ziwiri kapena zitatu ali pabenchi akuphunzira. Wendell anangogwedeza mutu, sanadziikire kumbuyo.

Ndiye ndinafunsa funso limene aliyense ankaliopa, loti mumutenga m'ndime iti. Yankho lawo ndikufuna ulimvetse bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhawa yako.

Anati timu sitenga munthu pamalo pamene ikumukondera, imamutenga pamalo pamene ikuopa kuti ina imulanda. Pa ndime iliyonse timu imakhala ndi mwayi umodzi kapena uwiri basi. Ndiye kuwononga mwayi wa ndime yachitatu pa munthu amene ukanamupezabe m'ndime yachisanu ndi chimodzi n'chimodzimodzi kutaya wosewera wina wabwino amene ukanamutenga pamenepo. Anati kwa iwo Wendell ndi wa ndime yachitatu, monga analili tepi isanabwere. Koma popeza matimu ena athawa dzanja, mabwana awo adzati tidikire. Anawonjeza kuti iwo ndi pakamwa pamodzi chabe m'chipinda cha anthu ambiri, sangalonjeze kanthu.

Ndinati, ndiye kuti inu mukufuna anzanuwo akhalebe osadziwa? Anati, amayi, ndimapempherera zimenezo Lamlungu lililonse. A Clement anatsamwa ndi madzi amene ankamwa.

Atachoka ndinakhala ndikuziganizira. Mtima unkakana, koma mutu wa masamu unavomera kuti akunena zoona. Nambala ya ndime siyeza munthu, Lucius. Imayeza zimene ogula enawo akuganiza za iye. Trevor atamva za ndowa anapsa mtima kuti bwanji sitinajambule vidiyo kuti dziko lonse lione. Mwina ankanena zoona, koma pa nthawiyo palibe mmodzi wa ife anakumbukira kuti ali ndi foni m'thumba.

Lachinayi ndi Lachisanu la chisankho tinaonera pa TV tikudziwa kuti si masiku athu. Loweruka a Clement anayatsa chitofu panja n'kuyamba kukazinga milamba, anthu a kutchalitchi anadzaza bwalo, TV tinaitulutsira pakhonde. Wendell anakhala pomwepo, foni ili pabondo, akuiyang'ana ngati ingathawe.

Ndime yachinayi inadutsa. Chapakati pa yachisanu foni inalira. Inali timu ina ya kumadzulo. Anati akufuna kumutenga pompano, koma ayambe wavomera kuti adzakhala wowakha. Anamupatsa mphindi zochepa. Pa foni yanga Trevor anali akukuwa kuti, amayi, muuzeni avomere, nkhalamba ya ndowa ija sinasainire chilichonse!

Ndipo Trevor sankanama. Wendell anandiyang'ana n'kufunsa kuti, azakhali, nditani? Ndinati, mwanangu, ndinakusankhira sukulu, ndinakusankhira nsapato, koma ichi sindingakusankhire. Kaya uvomera kaya ukana, mbale yako ili m'nyumba muno. Anatambasula dzanja lake lamanja n'kuliyang'ana kwa kanthawi. Kenako anauza munthu wa pafoniyo mwaulemu kuti, zikomo kwambiri bwana, koma ine ndine kotabeki.

Pasanapite nthawi tinaona pa TV timuyo itatenga mnyamata wina. Milamba inapserera m'mafuta, a Clement ataima ndi chipande m'manja. Mayi wina wa kwaya anayamba kuimba chapansipansi, mnzake n'kumugunyuza kuti asiye, si maliro.

Ndime yachisanu ndi chimodzi itayamba, nthawi ya timu ya a Brandt inakwana. Tonse tinaimirira. Anatchula dzina la chimnyamata china chotchinga cha ku Iowa. Ndinamva ngati wina wandithira madzi a ndowa ija kumsana. Wendell anangoweramitsa mutu. Trevor anadula foni osatsanzika.

Chimene ine ndinali nditaiwala, koma a Clement ankachikumbukira, n'chakuti timuyo inali ndi mwayi wina kumapeto kwa ndime yomweyo. Anati, tadikirani anthu inu, zapserera ndi nsomba, tsiku silinathe. Tinadikira. Mayina ankadutsa m'munsi mwa TV, ana a anthu ena akusangalala m'nyumba zawo. Ena anayamba kusonkhanitsa mbale zawo kuti azipita.

Kenako foni inalira. Wendell anatsegula sipika kuti tonse timve. Anali a Brandt, ndipo sanapereke moni. Anangofunsa kuti, mnyamata iwe, uli ndi jekete la mphepo? Wendell anati ayi bwana. Anati kagule, ndipo ubwere ndi dzanja lomwelo, usalitambasulenso. Anapatsira foni kochi wamkulu, koma zimene ananena palibe anazimva, chifukwa bwalo linali litaphulika. Mayi wa kwaya uja anaimba tsopano, palibe anamuletsa. Dzina lako, Lucius, dzina la bambo athu, linadutsa pa TV: Wendell Mabry, kotabeki.

Phokoso lisanathe Wendell anazemba n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinamutsatira. Ndinamupeza atakhala pamasitepe akuimba foni yako. Imalira mpaka kuduka, iye n'kuimbanso. Atandiona anafunsa kuti, azakhali, kodi adadi achita manyazi kuti ndatengedwa kumapeto? Kapena akwiya kuti ndakana nzeru ya Trevor?

Ukuona tsono mmene zilili? Iwe uli uko ukuganiza kuti unamulakwira mwana, iye ali kuno akuganiza kuti wakukhumudwitsa. Ine ndili pakati, ndikuona anthu awiri okondana akutuluka thukuta ndi samu imene onse anaikopera molakwika.

Sindikukuuza kuti zonse zatheka. Wa ndime yachisanu ndi chimodzi alibe malo otsimikizika. Akapikisana ndi makotabeki ena amene ali kale kumeneko, ndipo kumapeto kwa Ogasiti akhoza kumuuza kuti longedza. Iye akudziwa zimenezo. Koma akupita ngati kotabeki, kukayesedwa pa ntchito imene amaikonda, mwayi umene iwe sanakupatse.

Masiku ano ndikangodzuka ndikumayamba n'kuthokoza. Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza a Brandt, amene anakayikira tepi n'kulolera kugona usiku wina m'tauni yathu kuti aone okha. Ndikuthokoza a Clement, amene anamulandira mwanayu ngati wawo n'kumuperekeza kumasewero onse. Koma koposa ndikuthokoza iwe. Ife sitinabereke, ndipo unatipatsa phokoso la mwana m'nyumba imene inali chete. Sindinakuuzepo zimenezi bwinobwino.

Anthu kutchalitchi akundiyamikira kuti ndalera bwino, ndipo ndikulandira, chifukwa ntchito ndinaigwiradi. Ndinamuphunzitsa masamu, kupemphera, ndi kuyankha akuluakulu. Koma tsiku limene tsogolo lake linali m'ndowa, chimene chinamupulumutsa sichinali changa. Unamupatsadi manja ang'onoang'ono, sindikana. Koma unamupatsanso Maloweruka onse aja. Unkadziwa kuti tsiku lina wina adzamugwira dzanja monga anakugwirira iwe, ndipo unayamba kumukonzekeretsa asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi laling'ono. Kudoko kwanuko sikungasowe munthu wosunga mpira m'galimoto mwake, ndipo ndowa pa sitima zilipo zambiri. Tsiku limene wapeza mpata, tunga madzi, thiramo sopo pang'ono, viika mpira. Ugwire kumchira monga unkamuuzira mwana, usaufinye. Uuze mnzako mmodzi aime patali, umuponyere. Woyamba ukagwa, viikanso. Ndikufuna uone ndi maso ako chimene dzanja limenelo limatha kuchita, chifukwa ine ndikamakuuza umati ndikungokutonthoza.

Ukatha, ulipukute, utenge nalo foni. Kalatayi ikamakupeza Wendell adzakhala akulongedza za ulendo wa kumpoto. Uthenga wa a Brandt ndakuululira kale, koma akamakuuza uchite ngati ukuumva koyamba. Umuuzenso za majekete, chifukwa kuno palibe amene amadziwa chisanu kuposa iwe, ndipo a Clement akufuna kumugulira la mvula. Loweruka lija mwanayu anadikira foni ya timu, ndipo inalira. Yatsala imodzi.

Undiperekere moni kwa Earline ndi ana ake, ndi kwa anzako onse a pa sitima. Alamu ako akuti ubwere, nsomba zako sadzapsereza. Ambuye akusunge pamadzi ndi pamtunda, akutenthetse mafupa, ndipo akubweretse kwathu uli wamphamvu.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Odessa